Mapazi a Telala Pius

A Pius Goliati anali telala wa pakhonde la sitolo ku Namitambo, munthu woyeza chiuno ndi maso okha. Koma pa zoimba, aliyense ankadziwa kuti Mulungu anawamana. M'chaka cha 1979, kutatsala milungu itatu kuti mwana wawo Miriam akwatiwe, mtsikanayo anapempha chinthu chimodzi chokha: bambo ake adzaimbe okha m'tchalitchi nyimbo imene malemu amayi ake ankaikonda. A Pius anavomera, mtima uli m'mwamba.

Anapita kwa Mayi Phoebe Kalinde, mphunzitsi wopuma amene ankaphunzitsa kwaya. Mayiwa anali ndi njira imodzi basi: uimirire njo, manja kumbuyo, maso pa bolodi, iwo aziloza do, re, mi ndi kandodo. A Pius anaimirira njo. Mawu amene anatuluka anayankhidwa ndi mbuzi ya kuseri kwa nyumba. Mlungu wonse zinali zomwezo, kuthamanga poyenera kudekha, mpweya n'kuwathera pakati pa mzere. Mayi Kalinde, amene kunyengerera sankakudziwa, anawauza kuti akamuuze mwanayo zoona nthawi ikadalipo. Mawuwa anawapweteka kwambiri a Pius, ndipo kwa Miriam sanakanene kanthu.

Lachisanu mayi aja anapita kusitolo kukagula sopo. Ali chapatali anamva munthu akuimba nyimbo yomwe ija, mosalala, mosathamanga. Kuyang'ana pakhonde, ndi a Pius, ataweramira diresi loyera la mkwatibwi, mapazi akupalasa makina. Ulusi utaduka mapazi anaima, nyimbo nayo inadukira pomwepo.

"Achimwene, palasani."

"Ulusi waduka, amayi."

"Palasani wopanda ulusi. Ine ndimafuna mawu anu pakhosi, pomwe inu munawasunga kumapazi."

Kuyambira tsiku limenelo maphunziro anasamukira pakhonde, kandodo kanatsala kunyumba. Poyamba a Pius ankaimba akusoka, kenako akupalasa makina opanda nsalu, kenako atakhala pa benchi n'kumapalasa pansi. Akathamanga, mayiwo sankanenanso za mawu, ankangowagwira bondo. Choimirira chokha ndiye chinakanika, ndipo Mayi Kalinde anakakambirana ndi abusa mpaka analola kuti bambowo adzaimbe chokhala.

Tsiku la ukwati tchalitchi chinadzaza. Nthawi itakwana, a Pius anakhala pa benchi ya kutsogolo n'kuvula nsapato, poti iwo sankasoka atavala nsapato. Azimayi a kumbuyo anabisa nkhope m'mipango, mapewa akugwedezeka. Mapazi anayamba, chala ndi chidendene, chala ndi chidendene, ndipo mawu anatuluka okoma ngati a munthu wina. Pofika ndime yachiwiri oseka aja anali atasiya, nawonso mapazi awo akupalasa simenti.

Potuluka, a Pius anamufunsa Miriam chimene anawazunzira chonchi, pomwe ankadziwa kuti bambo ake si woimba. Mtsikanayo anaseka, misozi ili m'masaya.

"Ababa, chimwalirireni amayi, nyimbo imeneyi mumaiimba tsiku lililonse pa makina. Ndimangofuna kuti ena aimveko."

A Pius anayang'ana mapazi awo, nsapato zili m'manja. Zaka zisanu ndi chimodzi zonsezo, iwo ankayesa kuti amasoka ali chete.