Alendo Zikwi Zisanu

Shopu yokonza makina osokera imene malemu bambo awo anasiya inali ndi zipinda ziwiri. Chakumbuyo chinali cha amisiri, mkulu wa maso ofooka amene ankadziwa matenda a makina pongomva kulira kwake. Chakutsogolo chinali cha achimwene, amene anatenga mpando wa bambo chifukwa chobadwa woyamba basi. Mzime, wotsiriza kubadwa m'banjamo, analibe chipinda. Anali ndi katebulo pakati pa zitseko ziwirizo, laputopu yong'aluka pakona, foni ya shopu ndi kope. Katebuloko alamu ake, akazi a achimwene, anali atakaponyera diso kalekale, ndipo Mzime ankadziwa kuti akadzangoterereka kamodzi kokha kadzapita.

Ntchito yake inali webusaiti ya shopuyo, ndipo ankaigwira m'njira imene achimwene ankati ndi miseche. Telala akalowa atanyamula makina ake, Mzime ankatchera khutu n'kulemba dandaulo lake mmene latulukira m'kamwa. "Akudumphitsa ulusi." "Singano ikungothyoka pa jinzi." "Mota ikununkha kupserera." Kenako ankafunsa amisiri chimene chimayambitsa vutolo, n'kulemba tsamba limodzi pa dandaulo lililonse, mutu wake mawu a telala omwewo. Ankadziwa kuti munthu amene makina amufera, madiresi a eni ake ali mulu, safufuza pa intaneti ndi mawu a m'buku. Amalemba mmene akulirira, ndipo akatero tsamba la Mzime linkabwera pamwamba.

Alendo sankachuluka. Pa mlungu ankatsegula webusaitiyo anthu makumi anayi, mwina kuposako pang'ono. Koma mwa iwo khumi ankaimba foni, ndipo ambiri mwa khumiwo ankafika pakhomo makina ali m'manja. Amisiri sankakhala manja lende. Achimwene zimenezi sankaziona. Ankaona makumi anayi okhawo, ndipo ankachita nawo manyazi.

Tsiku lina achimwene anabwera kuchokera ku msonkhano wa eni mabizinesi ali ndi munthu wa suti yothina, wonunkhira ngati shelefu ya sopo. Amisiri anamupatsa dzina lakuti Katswiri, poti liwu limeneli munthuyo analitchula kasanu asanakhale pansi.

"Makumi anayi?" Katswiri anaseka atasuzumira pa laputopu. "Bwana, amenewatu ndi anthu a m'basi imodzi. Ine ndikupatsani zikwi zisanu mwezi usanathe."

"Zikwi zisanu za anthu ofuna chiyani?" Mzime anafunsa.

"Iwe, alendo akulankhula," achimwene anamudula.

Katswiri anapempha pasiwedi, achimwene analoza Mzime ndi chibwano, ndipo Mzime anaipereka. Pamasiku atatu masamba ake onse, ntchito ya zaka zinayi, anachotsedwa. Katswiri anati mitu yake inali yochititsa manyazi, kampani yaulemu wake singalembe poyera kuti mota ikununkha. M'malo mwake anaika "Masitayilo atsopano a madiresi", "Makina osokera aulere" ndi "Mwayi wa ntchito". Shopuyo sinkasoka diresi, sinkagawa makina, sinkalemba anthu ntchito, koma iye anati zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti mawu amenewo anthu amawafufuza kwambiri.

Pamenepo sananame. Nambala ya alendo inakwera mpaka kupitirira zimene analonjeza. Achimwene ankayenda foni ili m'manja kuonetsa aliyense, mpaka wogulitsa matayala wa shopu yoyandikana anayamba kulowa m'nyumba akawaona akubwera.

Foni ya shopu nayo inkalira kuyambira potsegula mpaka potseka, ndipo woyankha anali Mzime.

"Halo, makina aulerewo mukugawa liti?"

"Pepani mayi, ife timangokonza makina."

"Nanga mwalemberanji? Akuba inu."

Wina anafuna diresi la pachithunzi, lomwelo koma la manja aatali. Bambo wina amene anachotsedwa ntchito ku fakitale anafika atamanga tayi, makalata ake ali mu envelopu, atayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa tauni. Mzime ndi amene anamuuza kuti ntchito kulibe. Bamboyo sanakalipe. Anangopempha madzi akumwa, anathokoza, n'kubwerera, ndipo Mzime anamva manyazi ngati bodzalo analemba ndi iyeyo.

Kumbuyo kunali zii. Amisiri anapukuta zida zonse, kenako anazipukutanso. Matelala akale ankabwerabe mwa apo ndi apo, koma atsopano anasowa. Amene makina awafera ankafufuza n'kupeza shopu zina, ndipo amene anali nayo kale nambala ankapeza foni ili bize ndi anthu ofuna zaulere.

Mlungu wachisanu Mzime anagogoda kwa achimwene.

"Achimwene, mlungu uno aimba anthu oposa mazana awiri. Wa makina owonongeka ndi mmodzi yekha. Masamba aja ndinawasunga, tiyeni tiwabwezeretse asanaiwalike."

"Ndiye ukuvomera wekha kuti anthu akuimba."

"Akuimba, koma si athu."

"Katswiri wandifotokozera zonse," achimwene anatero akutsamira pampando wa bambo. "Ntchito yake inali kubweretsa anthu pakhomo, ndipo wabweretsa. Akuthawira pa foni. Tsono pa fonipo pali ndani?"

"Ndiziwauza chiyani? Kuti makina aulere alipo?"

"Ukanamawanyengerera. Munthu wofuna makina aulere lero, mawa agula ake, mkuja awonongeka, abwera kuno. Koma iwe kuyambira uli mwana nkhope yako ndi yomweyi. Nsanje ikukudya chifukwa mnzako wachita mwezi umodzi zimene zinakukanika zaka zinayi."

Amisiri anali ataima pakhomo ndi sanza ya oyilo m'manja. Iwo ankadziwa bwino kumene makina onse aja obwera kudzakonzedwa ankachokera, poti theka la mawu a m'masambawo linali lawo. Mzime anawayang'ana. Mkuluyo anayang'ana nsapato zake, kenako anabwerera kumbuyo kukapukuta zopukuta kale. Anali ndi zidzukulu zodyetsa, Mzime ankadziwa, komabe zinamuwawa kuposa mawu a achimwene.

"Kuyambira Lolemba pa fonipo pazikhala alamu ako," achimwene anatero. "Ali ndi mawu okoma. Iwe kapume kaye."

Aliyense m'banjamo ankadziwa kuti kupuma kwa achimwene kulibe tsiku lobwerera. Mzime analongedza zinthu zake mu jumbo imodzi, ndipo zinakwana mpaka kutsala malo. Laputopu inali ya shopu, choncho anaisiya. Foni inalira kawiri akulongedza, iye osaigwira. Kachitatu achimwene anatuluka kudzaiyankha okha, anamvetsera pang'ono, n'kuuza munthuyo mwaulemu kuti adzaimbenso Lolemba.

Anamuperekeza mpaka panja. Mawu awo anali atafewa, mmene ankalankhulira kale akamutengera kusukulu atamugwira dzanja.

"Usakhumudwe, mlongo wanga. Shopuyi ndi ya bambo, ndi yathu tonse. Ngakhale uli kunyumba pali chimene ungatithandize."

Mzime, wopusayo, anaima. Anaganiza kuti mwina pansi penipeni achimwene aona, ndipo amupempha kuti masamba aja awasungebe. Anaika jumbo pansi n'kuwayang'ana kumaso.

"Uzitsegulako webusaitiyi pa foni yako tsiku lililonse, kawiri kaya katatu," achimwene anatero akumusisita paphewa. "Uwauzenso anzako. Nambala isatsike."