Botolo la Pansi pa Kapeti

Reuben sanali munthu wabodza. Anali mkulu wa mpingo pakati pa Amalawi okhala ku Nairobi, wosamwa, wosasuta, wofika pakhomo dzuwa likadalipo. Koma bodza limodzi analiweta bwino, ndipo linkagona pansi pa kapeti m'buti ya galimoto yake.

Galimotoyo inali Sunny yoyera. M'mawa uliwonse inkanyamuka ku Ngong, kutula mwana wawo Lily kusukulu, n'kukakwawa pamdipiti wa magalimoto mpaka ku Upper Hill, kumene Reuben ankagwira ntchito kubungwe lina logawa mankhwala. Masiku ena ankaitenga ndi mkazi wake Sungeni. Mayiyu anaphunzira chiwongolero atakula kale, ndipo ankayendetsa ngati wanyamula mazira pamiyendo. Oyendetsa maminibasi otchedwa matatu ankamuimbira mahutala mpaka kutopa okha, iye osatekeseka. Mchimwene wake anafera m'minibasi yothamanga ku Zalewa, ndiye liwiro ankadana nalo ndi mtima wonse.

"Bambo a Lily," anatero tsiku limene anagula galimotoyo, "iyi ndi miyendo ya banja. Mundilonjeze kuti simudzaisandutsa choseweretsa."

Reuben analonjeza, ndipo tsiku limenelo ankanenadi zoona.

Matenda ake anayamba mu 2003, pamene anzake akuntchito anamutengera kubwalo lakale la ndege kunja kwa mzinda. Kumeneko anyamata ankapikisana awiriawiri pakamtunda kakafupi kowongoka. Reuben anaona kagalimoto konyozeka kakusiya m'fumbi chigalimoto cha munthu wolemera. Mwiniwake atatsegula buti, munali botolo lachitsulo labuluu la mpweya wotchedwa naitirasi. Nairobi ali pamwamba, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo injini zimapuma mobanika ngati munthu wa chifuwa. Mpweya wa m'botolomo ukalowa, injini imatentha petulo wochuluka nthawi imodzi, galimoto n'kudumpha. Munthu amene sabata yonse ankangoti "inde bwana" anabwerera kwawo mtima ukugunda ngati wa mnyamata woyamba kufunsira.

Anapita kwa Gregory, makaniko wa ku Kenya komweko amene anali ndi galaja ya malata ku Kangemi. Gregory anamvetsera, akupukuta manja pansanza.

"Mzee, gulani galimoto ina ya mpikisano," anatero, akumuitana mwaulemu m'Chiswahili. "Galimoto imodzi singapite kutchalitchi m'mawa, masana n'kukamenya nkhondo."

Koma galimoto yachiwiri sibisika, pamene botolo limabisika. Reuben anaumirira kuti akufuna injini yofatsa pakati pa sabata, yolusa Loweruka. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma mwambi sugwira munthu amene wamva kale fungo la matayala opserera.

Kunyumba ananena kuti injini yatopa, ikufunika kuiphwasula yonse. Sungeni anavomera, n'kumakwera matatu osadandaula. Loweruka lililonse Reuben ankakhala ku Kangemi atavala ovolosi yobwereka. Anaikamo mapistoni olimba, gasiketi yochindikala ndi pampu yaikulu ya petulo. Maringi a mapistoni ankawapala yekha ndi tupa, pang'onopang'ono, kukulitsa kampata ka pakati kuti chitsulo chikafufuma ndi moto wa naitirasi nsonga zake zisagundane. Zala zimene zinazolowera cholembera zinang'ambika, mafuta akuda n'kukhazikika m'zikhadabo. Kunena zoona, sanakondwepo chotere chibwerere ku Kenya, ndipo chimwemwe chimenechi ndicho chinkamuchititsa manyazi akamadya chakudya chophika mkazi wake.

Botolo analigoneka m'dzenje la tayala la sipeya, tayalalo n'kulimangirira pamwamba pa kapeti. Zotsekera zinali ziwiri: mpopi wa pabotolo wopotokola ndi dzanja, ndi kaswichi kobisika m'kabokosi kotayamo phulusa la fodya. Zonse ziwiri zikatseguka, mpweya unkalowa wokha pamene phazi laponda moto mpaka pansi.

"Lamulo ndi limodzi," anatero Gregory tsiku lomaliza. "Mukatha kuthamanga, musanamwe ngakhale madzi, tsekani botolo, zimitsani swichi. Sawa?"

"Sawa," anayankha Reuben.

Injini inatuluka yabwino moti pamdipiti wa m'mawa inkangong'ung'udza ngati mphaka wokhuta. Sungeni anaiyamikira, nauza amayi anzake kuti mwamuna wake ndi wosamala zinthu. Mawu amenewo ankamulasa Reuben. Nthawi zonse mkaziyo akafunsa makiyi, iye ankapeza chonamizira chopitira kubuti kukakhudza mpopi uja, ngakhale akudziwa kuti ndi wotseka. Mantha anakhala mlendo wosatsanzika m'nyumba mwake.

Loweruka la mpikisano ananena kuti kuntchito kuli msonkhano. Kubwalo kuja anatsegula botolo, nayatsa swichi, naima pamzera pambali pa mnyamata wa galimoto yofiira. Mbendera itagwa anaponda mpaka pansi. Mpando unamumenya kumsana, dziko linapanikizika kukhala kanjira kamodzi, ndipo galimoto yofiira inatsala m'galasi. Anakuwa yekha m'galimotomo ngati wamisala, mkulu wa mpingo wathunthu.

Ali pamzera kudikira ulendo wachiwiri, foni yake inalira. Anali Morris, tcheyamani wa Amalawi a ku Ngong.

"A Reuben, muli kuti? Mayi Immaculata atisiya m'mawa uno. A Jobe akungotchula dzina lanu."

Jobe, mwamuna wa malemuyo, ndiye anawalandira a Reuben atangofika ku Nairobi, kuwagoneka pabalaza pake mwezi wathunthu, ndipo Immaculata ndiye anaphunzitsa Sungeni kutsitsa mitengo pamsika m'Chiswahili. Reuben anatuluka pamzera, navula chipewa cholimba, nalunjika ku Ngong maso ali mbuu ndi misozi. Za botolo sizinamudutse n'komwe m'mutu.

Maliro a kuchilendo ali ndi malamulo ake. Kulibe amalume, kulibe adzukulu, ndiye Mmalawi aliyense amasanduka mbale. Ndipo pakati pawo panali mwambo umene palibe ankautsutsa: ukafika pasiwa, galimoto si yakonso, ndi ya maliro. Morris ankaima pageti ndi chipewa chake chotembenuza, aliyense n'kumaponyamo makiyi. Reuben anaponyamo ake, nakakhala pamkeka pakhonde pambali pa Jobe. Namfedwayo anamugwira dzanja mwamphamvu, osalisiyanso.

Abusa anali atangoyambitsa nyimbo pamene Reuben anaona Sungeni akutuluka kuseri kwa nyumba, atamanga chitenje ndi mpango, makiyi a Sunny ali m'manja. Pambuyo pake pankabwera Magdalene, mayi wa kwaya, atanyamula matumba opanda kanthu. Ankapita kumsika kukagula makala ndi ndiwo zamasamba zoti anthu adye.

Apa m'pamene anakumbukira. Botolo linali lotsegula, swichi ili yoyaka.

Pakati pa khonde ndi galimoto panali anthu okhala pansi thithithi, akuimba mitu ili chowerama. Kuti akafike anayenera kusomphola dzanja lake m'dzanja la Jobe, kulumpha miyendo ya amayi olira, n'kukasuzumira m'kabokosi ka phulusa, iye munthu wosasuta, mkazi wake akuona. Sungeni akanafunsa, ndipo Sungeni akafunsa sasiya. Zikanadziwika pamaliro pomwepo kuti mkulu wa mpingo amanamiza mkazi wake n'kumakathamangitsana ndi ana a anthu olemera. Mutu wake, umene unali wochenjera pa zinthu zolakwika, unamupatsa pothawira msanga. Sungeni sapondapo moto mpaka pansi. Chiyambire sanachitepo. Msika uli pafupi. Akabwerako, iye adzazemba n'kukatseka mwakachetechete.

Sungeni anatsegula chitseko, nayang'ana kukhonde, maso awo n'kukumana. Reuben anakweza dzanja limene linali lomasuka, namubayibitsa.

Nyimbo inatha, ina inayamba. Abusa analalikira, koma Reuben sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Khutu lake linali kumsewu. Galimoto iliyonse yodutsa inkamudzutsa mtima n'kuugwetsanso. Anapemphera pemphero la munthu wogwidwa, lolonjeza Mulungu kuti botololo alichotsa mawa lomwe. Kenako anaona Morris akuyankha foni pageti, nkhope yake ikusintha, maso akufunafuna pakhonde.

Mmene zinachitikira anamva kwa anthu amene anaona. Pobwerera kumsika, Sungeni ankapitirira ngolo yokankha ndi manja pachitunda, ndipo kutsogolo kunatulukira lole ya miyala ikutsika mwaliwiro. Pofuna kubwerera msanga kumbali yake, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anaponda mpaka pansi. Galimoto inabangula, inadumpha, matayala anatsetsereka pamiyala ya m'mphepete, n'kukamenya khoma la kamlatho. Makala ndi masamba zinamwazika mumsewu. Anthu ankapukusa mitu, ena n'kumati amayi ena asamawapatse magalimoto.

Gregory ndiye anabwera kudzakoka galimotoyo. Mawa lake anakumana ndi Reuben pabwalo la chipatala, namukokera pambali.

"Pole, mzee, pepani. Botolo ndachotsa, mapaipi ndi swichi yomwe. Palibe waona. Aliyense akayang'ana aona Sunny wamba."

Ankaganiza kuti wamuchitira zabwino, ndipo Reuben anathokoza. Pokwera masitepe anadzipeza akupuma momasuka, ndipo kupuma kumeneko kunamunyansa.

Magdalene anathyoka fupa la m'chiuno, ndipo madokotala ankakayika ngati adzayendenso wopanda ndodo. Sungeni anali m'chipinda china, mkono uli m'chikhakha, chipumi chosokedwa. Ataona mwamuna wake anayamba kulira, osati ndi ululu wa mabala.

"Bambo a Lily, mundikhululukire. Injini ija munaivutikira, taonani zala zanu zomwe sizinapole, ine ndaiphwanya tsiku limodzi. Ndapundula mwana wa eni. Ndakhala ndikuganiza, mwina phazi linaterereka, mwina ndinachita mantha n'kusokonezeka mutu. Anthu akunena zoona, ine si woyendetsa galimoto. Ana a Magdalene ndidzawayang'ana bwanji?"

Njira inali yotseguka, yosalala. Akanangoti ngozi siona nkhope, n'kumusisita paphewa, nkhani ikanathera pomwepo. Mkaziyu akanasenza mlanduwo moyo wake wonse, akumuthokozanso chifukwa chomukhululukira. Reuben anayang'ana dzanja lotupa limene linkafunafuna lake pabulangete, ndipo analephera kunama.

"Mayi a Lily, simunalakwe ndinu."

Anafotokoza zonse atayang'ana pansi: bwalo la ndege, Kangemi, botolo la pansi pa kapeti, msonkhano wabodza, foni ya Morris. Sungeni anamvetsera osamudula, misozi ikuuma pamasaya.

"Ndiye munaiwala kutseka," anatero mayiyo pomaliza, mawu ali pansipansi. "Imfa ya Immaculata inatisokoneza tonse. Munthu amaiwala."

Ankamukonzeranso pothawira, monga ankachitira nthawi zonse. Reuben anafuna kugwedeza mutu kuvomera, koma khosi linakana.

"Ndinaiwala kubwalo. Koma pasiwa paja ndinakumbukira."

"Nthawi yanji?"

"Mukutuluka ndi makiyi."

Sungeni anabweza dzanja lake pang'onopang'ono, nalilowetsa m'bulangete. Anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akuyesa kukumbukira kumene anamuonapo munthu ameneyu. Sanakalipe, ndipo Reuben analakalaka akanakalipa.

"Ndinakuyang'anani ndisanakwere," anatero. "Mumtima ndinati, taonani mwamuna wanga, chisoni chonsechi akundikumbukirabe."

Anatembenukira kukhoma.

"Munandibayibitsa, a Reuben."