Nambala Thuu ya ku Dennistoun

Rozina anabwera ku Dennistoun, dera lathu la mumzinda wa Glasgow, ndi kamakina kojambulira mawu, baji ya ku yunivesite pakhosi, ndi funso limodzi: kodi Amalawi a m'dera lino akukhala nayo bwanji sukulu ya pulaimale imene ana awo amaphunzirako? Ankachokera ku Hillhead, dera lina la mzinda womwewu, kumene ankachita digiri yake yachiwiri. Mphunzitsi womuyang'anira anali atamuuza mosapsatira mawu kuti akapanda kubweretsa maganizo a makolo teremu isanathe, kafukufukuyo wathera pomwepo, alongedze azibwerera ku Lilongwe chimanjamanja.

Anayambira kwa ahedi. Mayi wachizunguyo anamulandira ndi tiyi, n'kudandaula kuti makolo achimalawi sawamvetsa. Tsiku lokumana ndi aphunzitsi amabwera onse, ena atangoweruka kuchipatala, ena atatchena ngati akupita ku ukwati. Amamvetsera mwaulemu mwana wawo akuyamikiridwa, koma potuluka nkhope zili ndwii ngati awatukwana.

Ife tikanamuuza chifukwa chake popanda tiyi. Kwathu, tsiku lotsekera sukulu ana amaitanidwa mayina poyera, kuyambira nambala wani mpaka wogwira mchira, ndipo mayi amene mwana wake wakhoza amalulutira mpaka mawu kusasa. Kuno mphunzitsi amangoti mwana wanu ndi wansangala, amabwerekana bwino zidole ndi anzake. Zoona munthu wachezera usiku wonse kusambitsa nkhalamba za eni ake kuti akamve za zidole? Ukafunsa kuti wakhala nambala chani, amaseka n'kunena kuti kuno ana sapikisana. Ukafunsa mwanayo, amakuyankha m'Chingelezi chakuno chija, chomveka ngati akutafuna chimanga chokazinga. Palibe anakhulupirira zoti sukulu ingakhale yopanda manambala. Tinkadziwa kuti alipo, kungoti anawatsekera mu ofesi ya ahedi.

Choncho Rozina atafika kutchalitchi kwathu kudzapempha kuti azicheza ndi makolo, mbiri inali itamveka kale yoti mtsikanayu amalowa mu ofesi muja, mpaka kumwamo tiyi. Mayi Tupochile, namwino wamkulu amenenso ndi wapampando wa amayi, anamuuza kuti kupatsa n'kuika: atulutse kaye manambala, makolo atsegula pakamwa. Rozina analumbira kuti manambalawo kulibe. Anthu anamwetulira, n'kumuyamikira kuti amadziwa kusunga chinsinsi.

Anayenda m'mafulati onse, kukwera masitepe mpaka miyendo kuwawa. Paliponse ankamulandira bwino, koma funso lililonse yankho lake linali lakuti zonse zili bwino. Kamakina kanadzaza ndi kulira kwa masupuni m'makapu, uku teremu ikupita kumapeto. Rozina anayamba kuonda, ndipo tinkamumvera chisoni ndithu, ngakhale kuti chisonicho sichinatitsegule pakamwa.

Tsiku lina ali kwa bambo Goodwill, dalaivala wa basi, mtima unamuthawa. Rozina anasendera pafupi n'kuwanong'oneza kuti asauze munthu, koma mwana wawo Wezzie wakhala nambala thuu.

Kunena chilungamo, mtsikanayu sukulu sanapitire masewera. Akanati nambala wani, nkhaniyo ikanafika ku Gorbals, tsidya lina la mzinda, dzuwa lisanalowe. Koma thuu ndi nambala yokoma mumtima, yovuta kuitchula pagulu, chifukwa wina akufunsa kuti nanga wamuposayo ndi mwana wa ndani. Bambo Goodwill anapuma mozama, anamasula taye, kenako anayankhula mpaka batire kutha: za homuweki yochepa, za mauthenga a sukulu amene amafika iwo ali pachiwongolero, za mphunzitsi amene anabwera kudzazonda mayi akunyumba atadwala.

Mankhwala akagwira ntchito sing'anga sawasintha. Rozina anazunguliranso mafulati aja, ndipo Dennistoun yense anadzaza ana a nambala thuu. Kutchalitchi makolo ankapatsana moni wa mano okha, aliyense akuganiza kuti nambala wani ali m'nyumba mwa mnzake. Mayi Tupochile anasiya kukwera basi ya bambo Goodwill.

Womaliza kucheza naye anali Fanny, amene amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ndipo akulera yekha mwana wake Useni. Useniyo kuwerenga kunkamuvuta, moti sukulu inamupezera mphunzitsi wapadera, ndipo Fanny sankakhala pamene amayi akukamba za ana. Rozina, pakamwa patazolowera, anamunong'onezanso zomwezo.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya maumboni, Fanny amene sanaimepo kutsogolo chibwerere ku Glasgow anadzuka n'kutenga maiki. 

"Abale, anandiuza kuti ndisanene, koma ndalephera kugona nazo. Useni wanga, yemwe ena ankati mutu wake ndi wouma, wakhala nambala thuu."

Anayamba kulira.  Makolo onse a ana a nambala thuu anayang'anana, ndipo pang'onopang'ono makosi anatembenukira kubenchi yakumbuyo, kumene Rozina anakhala atasowa kolowera. Iye anadziwa kuti akangotsegula pakamwa munthu mmodzi, Fanny achita manyazi pamaso pa mpingo, makolo akamunenera kuyunivesite, ndipo digiri ija aiiwale.

Mayi Tupochile anaimirira. Anakonza duku, anamuyang'ana Rozina ndi diso lija amayang'anira odwala okana mankhwala, kenako anatembenukira kwa Fanny n'kululutira nthungululu imene Dennistoun anali asanaimvepo. Amayi ena anatsatira. Bambo Goodwill anawomba m'manja akuyang'ana nsapato zawo. Anthu anamunyamula Useni m'mwamba iye akufunsa m'Chingelezi kuti walakwa chiyani.

Mapemphero atatha, Rozina anayesa kuzemba ndi ambulera yake, koma mayi Tupochile anamugwira mkono pakhomo. Rozina anayamba kupepesa, nati akamuuza Fanny zoona lero lomwe, ndipo zonse anajambulazo azifufuta.

"Ufufute, inde," anatero mayiwo. "Mawa ubwere ndi kamakina kakoko tiyambirenso. Tikuuza zonse, ndi zimene sitinanene zomwe, ukalembe kuti sukuluyo imve. Digiri yako uipeza."

Rozina anafuna kugwada pamatope pomwepo, koma iwo sanamusiye mkono.

"Koma tamvera, mwanawe. Ife tonse ana athu tawatsitsa lero. Useni ndi nambala thuu mpaka Yesu adzabwere. Tsiku limene amake adzamve zina, digiriyo tidzakailanda tokha ku Hillhead, ngakhale utaipachika kale pakhoma."