Nyumba ya Zaina pa Bawo la pa Nkaya

Amuna a pa Nkaya sanamukane Zaina poyera, pakuti mwamuna wa pa Nkaya sakana chinthu poyera, amangochiikira minga m'njira. Tsiku limene anapempha kulowa nawo mpikisano wa bawo, a Jasten, apampando a kalabu, anakanda m'mutu kwa nthawi yaitali kenaka n'kugamula. Atatu opambana ndiwo adzapite kukapikisana ku Liwonde. Zaina akapezeka pa atatuwo, benchi la bawo lidzakhala la akazinso. Akalephera, pasadzabwerenso mkazi wina kudzawavuta. Zaina anavomera pomwepo.

Iye ankagulitsa tomato pafupi ndi siteshoni ya sitima, koma bawo analiphunzira kwawo kwa Mposa, pakhonde pa bambo ake omwe analibe mwana wamwamuna wosewera naye. Loweruka la mpikisanolo anagwetsa amuna mmodzimmodzi mpaka anatsala anthu anayi okha. Tsopano anakumana ndi Clever wa njinga yamoto, munthu amene pakamwa pake sipazima injini.

"Achemwali, tomato wanu akuwola uko," anatero Clever akukhala pansi. "Ndikuthandizani msanga kuti mubwerere."

Pa bawo aliyense amakhala ndi nyumba, dzenje lija la makona anayi m'mene nkhomo, tinjere tosewerera tija, zimaunjikana. Ikanenepa, mwini wake akhoza kuitulutsa n'kuyenda nayo akudya nkhomo za mnzake. Koma ikakhalitsa imasanduka mbuzi yonona yomangidwa m'mbali mwa msewu: mnzako akangopeza mpata, amaitenga yonse kamodzi.

Nyumba ya Zaina inanenepa mochititsa kaso, ndipo posakhalitsa nkhomo yake yomaliza inagwera momwemo. Mpata woitulutsa ndi umenewo. Anawerengera mumtima. Akaitulutsa tsopano, Clever atsala wolumala, ndipo masewerawo atha bwino koma mwakachetechete, mawa munthuyo n'kumauza okwera njinga yake kuti mayi uja anangochita mwayi. Koma akadikira pang'ono kuti nyumba ikule, adzasesa mzere wonse wa Clever kamodzi, Nkaya yense akuona. Kunena zoona, Zaina sankafunanso kupambana kokha. Ankafuna kumuona Clever atasowa chonena.

"Ndagona," anatero, kusonyeza kuti wathera pomwepo. Anausa moyo n'kukonza duku ngati munthu amene zamuvuta.

Gladys, mnzake wa pamsika amene Zaina ankamuphunzitsa bawo mobisa kuseri kwa madengu, anagwira pakamwa. Clever anaseka mokweza n'kudya tinkhomo tiwiri ta m'mphepete.

Mpata unabweranso, Zaina n'kugonanso. Anadzilimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, osakumbukira kuti nkhono sisewera bawo. Clever, posowa kolowera, anangotola kadzenje kopanda pake ka kumapeto. Kanayenda, kanadya, kanayendanso, mpaka nkhomo yomaliza inakagwa m'dzenje loyang'anizana ndi nyumba ya Zaina. Ngakhale Clever yemweyo sanakhulupirire. Anawerenganso ndi chala, kenaka anakokolola nyumba yonse ndi manja awiri.

Amuna anakuwa ngati kwalowa chigoli. Zaina anasewerabe ndi zotsalazo, koma panalibenso chosewera nacho. Anadzuka ndi manyazi, ndipo chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti panalibe womuimba mlandu koma iye yemwe.

Gladys anamukokera kuseri kwa golosale.

"Iwe Zaina, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Umadikira chiyani?"

"Ndimafuna alire."

"Iyayi, mwali. Ife tinakutuma misozi ya Clever? Tinakutuma benchi."

Zaina anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kumwa madzi, chifukwa mpikisano unali usanathe. Ogonja awiri anayenera kulimbirana malo achitatu, ndipo wogonja winayo anali a Jasten eni ake.

Mdala ameneyu anali nkhandwe yakale. Anaona zonse zimene zinachitika, tsono anayamba kusewera ngati munthu wotopa, kusiya maenje poyera, kudandaula za maso, kuti Zaina aone ngati palibe choopa n'kuisunganso nyumba. Nkhomo ya Zaina itagwera m'nyumba, nyumbayo inali isananone n'komwe.

"Isungeni ikule, mayi," anatero a Jasten mokoma. "Ine ndatha kale."

"Zikomo bambo, koma iyende."

Anaitulutsa. Inadya maenje ochepa chabe n'kuthera m'njira, ndipo oonerera anang'ung'udza kuti wafulumira. Panalibe woomba m'manja. Masewerawo anakhala aatali ndi osasangalatsa, ongolumana pang'onopang'ono. Sitima ya katundu inadutsa, ena anatopa n'kupita kukamwa tiyi, dzuwa linapendeka. Zaina sanasiye nkhomo ngakhale imodzi imene akanatha kudya. A Jasten analeka kudandaula za maso, anavula chipewa n'kuyamba kutuluka thukuta lenileni, koma mzere wawo wakutsogolo unkangouma. Potsiriza Zaina anatola nkhomo ziwiri zomaliza, mzerewo n'kutsala mbee.

A Jasten anayang'ana bawolo nthawi yaitali, ngati kuti nkhomo zingamere. Zinawapweteka, ndipo sanabise. Koma mdalayo, ndi kuuma mtima kwake konse, sanali munthu wodya mawu ake. Anaimirira pang'onopang'ono atagwira msana, n'kuyang'ana amuna amene anadzaza benchi.

"Ku Liwonde kukupita a Zaina," anatero. "Ndipo inu tasunthirani uko, amayi akhale."

Amuna anasuntha monyinyirika, aliyense kuyembekeza kuti mnzake ndiye asunthe kwambiri. Zaina anayamba kubweza nkhomo m'maenje. Gladys ndiye anamanga chitenje bwinobwino, nakhala pabenchipo mtima uli m'malo, n'kukokera bawolo kwa iye.

"A Clever," anaitana, "njinga ija ipumeko kaye. Bwerani mukhale apa."