Tchaja Inapita ku Petauke

"Onani apa, ba Mukuka. Ili pa malaiti, koma nambala ingoyenda pansi."

Towera analoza pakona ya laputopu. Mukuka, wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika wa Mtendere, anakweza magalasi n'kusuzumira. Batire linali pa 19. Asanamalize kupukuta manja linali pa 18, chingwe chili chilumikizire kukhoma.

"Ni ya ba Chabwera iyi?"

"Ni yao."

Msika wonse unkamudziwa Chabwera, mwamuna wa Towera. Kampani ya boma imene ankagwirako itagulitsidwa, iye anagula laputopu yogwiritsidwapo kale n'kuyamba kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito. Tsopano panali patatha milungu itatu chimuikireni m'manda.

Dzulo lake Dixon, mchimwene wa malemu wa bambo wina, anali atauza Towera kuti nyumba si yake, ndipo abale adzakumana mawa lake 2 koloko masana kuti akambirane za tsiku loti iye ndi ana ake awiri atuluke. Chikwama cha mapepala chinali chitasowa pamaliro pomwe. Chimene Towera anatsala nacho ndi mawu amene mwamuna wake ankakonda kunena, akuti anajambulitsa mapepala onse ku kafe ya intaneti ya m'tauni ndipo zonse zili mu laputopu.

Mukuka anatembenuza tchaja n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo kwake.

"Iyi si yake. Mwaitenga kuti?"

"Ninagula pa stesheni. Inangena bwino pa kabowo."

"Kungena ingangene, amai, koma ipatsa moto ung'ono, makina yadya wambili. Olo muizimye, batire siilandila tchaja yachilendo. Kanyali kayaka chabe kukunamizani. Yake yeniyeni ili kuti?"

Towera anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Tsiku logawa katundu wa malemu, akuluakulu anayala zonse pamphasa kuti wachibale aliyense atengeko kanthu. Laputopu anasiyira ana. Koma tchaja, poti inali payokha, anaiyesa katundu winanso, ndipo anaipereka kwa azakhali a Elesi amene anali asanalandire kalikonse. Iwo anaimanga pachitenje n'kukwera nayo basi ya ku Petauke, kumudzi kopanda ngakhale mtengo umodzi wa magetsi. Towera anaona zonsezo ali khale pansi, mutu woweramitsa, pakuti namfedwa salankhula pogawa katundu.

"Yaba," anatero Mukuka. "Manje ba aunti bazamangila mbuzi."

Anayesa zimene akanatha. Anachepetsa kuwala mpaka zilembo zinkangooneka mwa apo ndi apo. Anauzira fumbi m'timabowo ta m'mbali. Anakhuthula katoni yake ya zingwe, koma panalibe yofanana. Anaimbira mnzake wa m'tauni, ndipo yankho linali loti tchaja zamtunduwo zibwera ndi katundu wa ku Joni sabata yamawa. Kuchotsa chosungira zinthu m'kati kunkafuna chida chimene iye analibe. Wotchi ya pakhoma inkati 12 koloko yadutsa.

"Koma batire iyi siinafunike kusila so. Mwenze kuiyatsa kangati?"

Towera anayang'ana pansi. Za makompyuta sankadziwa kalikonse, kupatula kachithunzi kamodzi ka pakona kamene Chabwera anamuphunzitsa kudina. Kanali kakanema kakafupi ka tsiku limene ankapenta chitseko. M'mawa uliwonse ana akapita kusukulu, iye ankakayatsa kawiri, mwina katatu, osadziwa kuti akudya moto umene adzaufune lero.

"Nenze kufuna kumvelako chabe mau yao," anatero.

Mukuka sanamudzudzule. Anasomeka fulashi n'kuyamba kufufuza. M'makinamo munali modzaza makalata a anthu ena: madalaivala, makalaliki, alonda, onse akupempha ntchito modzichepetsa ndi mawu ofanana. Batire linafika pa 12. Panja wina ankakuwa kutsatsa salaula, zovala zakaunjika, ndipo Towera analakalaka atamutseka pakamwa.

"Benze kulemba zina bwanji pa vinthu vao?"

"Siniziba. Yesani 'nyumba'."

Pa 8, chikalata cha nyumba chinapezeka. Chinatenga nthawi kuti chitseguke, chikutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba: chidindo cha khonsolo, nambala ya poloti, chaka. Towera anaizindikira nambalayo. Kenako panabwera mzere wa dzina.

Mukuka anawerenga chamumtima, n'kuvula magalasi.

"Belengani," anatero Towera.

"Amai..."

"Belengani mokweza."

"Dixon Njobvu."

Towera anagwira thebulo. Sanafunikire womufotokozera. Bambo a Chabwera anabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito, ndipo moyo wake wonse Chabwera ankaopa maofesi a boma, ngakhale reji, chitupa cha unzika, anali nayo ndipo anabadwira m'dziko momwemo, ku Matero. Chaka chimene anthu ankalembetsa mapoloti, m'mawailesi munkangomveka za yemwe ndi mwini dziko ndi yemwe ndi mlendo. Towera anakumbukira bwino m'mawa umene awiriwo anapitira limodzi ku khonsolo, Chabwera akuti Dixon akungomuperekeza. Anabwerako ndi nkhuku, anadya mosangalala, ndipo iye sanafunse kanthu. Tsopano anazindikira kuti tsiku limenelo Chabwera analembetsa polotiyo m'dzina la Dixon, amene bambo ake sanali mlendo.

Anakwiya. Anakwiyira munthu amene sakanamuyankha, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa maliro. Njerwa za nyumbayo anasenza yekha pamutu ali ndi pakati pa mwana woyamba.

"Nikope pa fulashi?" anafunsa Mukuka motsitsa mawu. "Mwina ba loya bangaoneko. Pali ana apa."

"Ba Dixon bali nayo kale yeniyeni. Muganiza chikwama chinayenda cheka?"

Batire linali pa 3. Kabokosi kochenjeza kanatulukira pakati.

"Valani icho," anatero Towera, kutanthauza kuti atseke kabokosiko. "Dinani paja pakona."

Mukuka anamuyang'ana, kenako anadina. Chabwera anaoneka atafulatira, atavala malaya ong'ambika paphewa, akupenta chitseko ndi utoto wobiriwira. Ankaimba mosalongosoka monga mwa masiku onse. Anaviika bulashi m'chitini, n'kukuwa osacheuka.

"Towera! Siya mapoto, bwela uone nyumba yako!"

Anayamba kutembenuka, ndipo galasi linada bii.

Kanyali ka tchaja kanali kakuyakabe. Mukuka anadina batani kawiri, koma makinawo sanayankhe. Towera anazula chingwe, n'kukulunga laputopu m'chitenje chimene anabweretsera.

"Tchaja yanu, amai."

"Sungani."

Anatuluka pakati pa mabenchi a tomato, dzuwa likuswa mtengo. Atakhota pa tavani yogulitsa mowa anaona chitseko chobiriwira chili chotsegula, ndipo pakhonde abale anali atayamba kale kutulutsa mipando yake kuti akhalepo.