Batire la M'boti

Mtsinje wathuwu ndi wachiwembu. Kuno dzuwa likhoza kumaswa mtengo, koma mvula ikagwa kuphiri la Mulanje madzi amangofika osaodira. Namondwe atakokolola mlatho, a esiteti anagula boti lowolotsera othyola tiyi a kutsidya. Poti m'chigwa muno foni sigwira, anagulanso mawayilesi awiri olankhulirana. Ina anaika kupampu kumtunda, kumene ine Zakeyu ndimalondera, inayo m'botimo.

Tsiku loiika ndinalipo. Mmisiri wa ku Limbe anaimika mlongoti kumbuyo kwa boti, nalumikiza mawaya kubatire la utoto wobiriwira lomwe analiika pansi pa mpando. Anatiphunzitsa ine ndi a Fabiano, oyendetsa botilo: dinani apa, lankhulani, siyani mnzanu ayankhe. Ntchito yanga inali imodzi basi. Madzi akayamba kufiira ndiitane, boti lisachoke padoko.

"Batire ili lisatuluke muno," anatero mmisiriyo.

A Fabiano anavomera ndi mutu womwe. Ndi munthu wabwino mkuluyu, ndipo vuto lake ndi lomwelo, sadziwa kukana.

Mwana wanga Marita, mmodzi yekhayo, ankakhala kutsidya ndi mwamuna wake, ndiye botilo linali mlatho wake. Ankakonda kulanda cholankhulira n'kundiseka: "Ababa, mukulondera kapena mukugona?" Ine n'kumukalipira, kumtima kukukoma.

Tsiku lina kutsidya kunali maliro a mayi ena, ndipo akapitawo anawerutsa anthu masana, Marita ali m'gulumo, kuti akaperekeze. Nyimbo zinkamveka mpaka kupampu, chimkuzamawu chili pokopoko. Ndikumvetsera choncho, ndinaona madzi afiira. Kenako nthochi yathunthu ikudutsa, mizu m'mwamba.

Ndinadina. "A Fabiano, a Fabiano, madzi akubwera, musawoloke!"

Zii.

Ndinaitananso, ndinakuwa, ndinatukwana ndithu. Wayilesi inkangoti shiii. Apo m'pamene mutu unagwira: mudzi wakutsidya uja ulibe magetsi. Nanga chimkuzamawucho akuimbira chiyani?

Mayo ine! Ndinataya cholankhulira n'kuliyatsa liwiro m'mizere ya tiyi. Koma nkhalamba ingapikisane ndi madzi? Pofika padoko ndinapeza boti litagadabuka, lakodwa pamtengo, anthu akukokana m'bango. Ena onse anapulumuka. Marita tinakamupeza mawa lake kumunsi, chitenje chitakola paminga.

A Fabiano anabwera okha kunyumba, nagwada pakhomo.

"Achimwene, a kwaya anabwera m'mawa, akuti batire lawo lafa. Kunja kunali ngwee. Zamaliro, ndikanakana bwanji?"

Ndinkafuna kuwatema ndi chikwanje, sindikubisa. Koma kwathu kuno womana zamaliro amadzadziika yekha. Khasu, mpando, nkhuni, chilichonse chimatuluka, osafunsa kawiri.

Marita tinamugoneka kwa amayi ake, tsidya lino. Boti analivuula, wayilesi ija, poti ndi yosaopa madzi, inapezeka ili bwinobwino. Kupampu anakhalako mnzanga Nathan, ndipo a Fabiano anadzuka m'mawa kuwolotsa apongozi ndi onse a kutsidya obwera kudzalira nafe.

Mwambo uli pafupi kuyamba, chimkuzamawu chinalira. Ndinadzuka pamphasa n'kuzungulira kuseri kwa a kwaya. Nalo batire pansi pa tebulo, utoto wobiriwira wa esiteti uli pambali pake.

"Nanga m'boti muli chiyani?" ndinafunsa.

Mkulu wa kwaya anavula chipewa. "Bambo, ndi maliro a mwana wanu awa. Tinaimbira ena, inu tikumaneni?"

Ndinayang'ana kuphiri. Kunali bii! Ndipo anthu anali akuwolokabe.

Ndinazula mawaya, nyimbo inadukira pakati. Azimayi anasiya kulira, onse maso pa ine. Wina anati chisoni chawazunguza mutu achikulirewa. Mkazi wanga anandiitana kuchokera m'nyumba ya siwa, koma sindinacheuke. Ndinasenza batirelo, kulemera kwake ngati mwala, n'kutsetsereka nalo kudoko.

A Fabiano atandiona anangotukula mpando. Ndinalumikiza ndekha, wofiira kwake, wakuda kwake. Wayilesi inatsokomola, kenako mawu a Nathan, atasasa kale ndi kukuwa: "A Fabiano, mukundimva? Musawoloke!"

Kutsidya anthu anali atadzaza doko, akukodola boti. Tinalimangirira pamtengo, n'kukhala pansi kudikira madzi adutse. Mwana wanga anamuika m'manda ine kulibe.