Achule a Miyendo Yofiira m'Bafa mwa a Jombo

Pakampani yokumba mafuta ndi gasi ija aliyense anali ndi ntchito yoti n'kuitchula pagulu mosachita manyazi: ena kuboola nthaka, ena kulumikiza mapaipi, ena kuyendetsa zimakina. Koma a Jombo, mkulu woona zachilengedwe, akafunsidwa zimene amachita ankayamba atsokomola kaye. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, unganene bwanji kuti ndimadzuka m'mamawa kukateteza achule? Dzina la Jomboli anawapatsa ndi anzawo, chifukwa ankalowa ndi jombo zamatope paliponse, ngakhale pakapeti wa mu ofesi ya abwana.

Achule akewo sanali achule wamba ayi. Anali ang'onoang'ono ngati chala chachikulu, a miyendo yofiira, ndipo akatswiri atafufuza konsekonse anapeza kuti amapezeka m'dambo limodzi lokha. Ndiye taonani tsoka, dambo lomwelo ndi limene paipi ya gasi inkayenera kudutsamo. Boma linalola, koma linati kampani ikumbe dziwe lina, isamutsiremo achulewo ali amoyo, ndipo lidzatuma munthu kudzaona.

A Jombo anawagwira ndi manja, mmodzimmodzi, atawerama mpaka msana kuuma gwa. Onse anakwana m'ndowa ziwiri. Anatunganso madzi a m'dambomo m'zigubu, pamodzi ndi matope ndi bango. Asanafike n'komwe pamsewu, chimakina chokumba chinali chitalowa kale, ndipo pofika masana dambo lija linali ngalande.

Atafika padziwe latsopano, a Jombo anatula ndowa pansi n'kugwira pakamwa.

Pakampanipo panali lamulo lakuti madzi alionse osavundikira amene ali mkati mwa mpanda ndi a dipatimenti ya chitetezo. Mkulu wa chitetezo anali a Chisoti, bambo amene sankavula chisoti cholimba chija ngakhale pakudya. Sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Vuto lawo linali kukonda ntchito. Dziwe limene a Jombo anajambula, lamatope, labango, lamthunzi, iwo anali atalikonza kuti likhale bwino: simenti yosalala m'mbali monse, masitepe okhala ndi chogwirira, mpanda wa waya, magetsi akuluakulu pangodya iliyonse, udzu wometedwa psiti. Madzi ake anali oyera mbee, ndipo fungo lake linkalasa m'mphuno.

"A Chisoti, mwathiramo chiyani umu?"

"Kolorini. Mumafuna tiziweta udzudzu pakampani?"

"Nanga bango lija?"

"Mumabisala njoka."

"Matope?"

"Munthu angaterereke."

A Jombo analoza chubu chofiira chimene chinapachikidwa pamtengo. "Nanga ichi n'cha ndani?"

"Cha amene angamire."

"Achule?"

"Lamulo silinatchule mtundu wa womira," anatero a Chisoti, nkhope ili gwa.

A Jombo anathamangira kwa abwana, mkulu wa malo onsewo, n'kufotokoza kuti chule amamwa madzi ndi khungu, moti kumuika m'dziwe limenelo n'chimodzimodzi kumupha. Abwana anamvetsera maso ali pa jombo ndi pakapeti, kenako anati kuphwanya simenti n'kofunika komiti, ndipo komitiyo inali isanapangidwe. "Asungeni kaye penapake." Penapake pati? Mu ofesi munali moletsedwa nyama. Lamulo lake la a Chisoti omwewo.

Basi, a Jombo anakweza ndowa m'galimoto n'kulunjika kunyumba.

Nyumba yawo inali yaing'ono, ya bafa limodzi, koma bafa lake linali lija lalitali logonamo. Ndipo m'nyumbamo munali apongozi, amayi a akazi awo, amene anabwera kudzacheza pang'ono koma kapang'onoko kankangotalika. Mayi aukhondo woopsa amenewo, oti supuni ankaitsuka isanagwire ntchito ndiponso itagwira. Anapeza a Jombo atagwada m'bafa, akuyala matope ndi manja awiri.

"Bambo, kodi bafa latsekeka?"

"Ayi, amayi. Ndikukonzera alendo pogona."

Apongozi anasuzumira m'ndowa. Mfuu imene anakuwa inachititsa galu wa aneba kuuwa mpaka madzulo.

Akazi a a Jombo atabwera kuchokera kuntchito anaima pakhomo la bafa nthawi yaitali, chikwama chili paphewa. Iwo anali atazolowera. Anakwatiwa ndi munthu amene tsiku lina anasunga kadzidzi wothyoka phiko m'kabati ya zovala. Anangofunsa kuti, "Mpaka liti?"

"Komiti ikangokumana."

"Ndiye kuti mpaka kalekale," anatero, n'kupita kukavula nsapato.

Moyo wa m'nyumbamo unasokonekera, abale inu. Kusamba kunali kwa m'beseni, kukhitchini, wina ataima pakhomo kulondera. Sopo, mafuta onunkhira ndi mankhwala opopera udzudzu zonse zinaletsedwa kuyandikira bafa. Kuseri kwa chitseko a Jombo anaikako nthochi zowola kuti ziziitana tintchentche ta chakudya cha alendowo. Wina akangotsegula mpopi wa kukhitchini, achule ankaganiza kuti ndi mvula n'kuyamba kuimba onse pamodzi, kwii, kwii, kwii, ngati chitseko chosowa mafuta. Tsiku lina m'mawa mmodzi anapezeka atakhala phee m'silipasi ya apongozi. Phazi linali litalowa kale theka.

"Ine mwana wanga ndinam'pereka kwa munthu wophunzira!" anatero apongozi, ataimirira pampando, akulankhula ndi denga. "Anzanga onse ndinawauza kuti ali pakampani ya mafuta. Ya mafuta! Lero ndikawauze kuti chiyani? Kuti amaweta ntchentche?"

A Jombo anatola chule uja mosamala, n'kumuyang'ana miyendo ngati sinathyoke. Chimenechi ndiye chinawapweteka kwambiri apongozi, kuti phazi lawo palibe analifunsa.

Komiti sinakumane. Chimene chinafika ndi uthenga wakuti mayi woyendera wochokera ku boma akubwera, ndipo kudzakhala ojambula, riboni ndi zakumwa. Abwana anaitanitsa a Jombo, ulendo uno n'kuwapatsa mpando.

"Nkhani yake ndi yophweka. Mubwere nawo, tiwathire m'dziwe alendo akuona, ajambule, tiwombe m'manja. Alendo akangotembenuka, inu muwavuule."

"Bwana, adzakhala atafa."

"Ndiye muvuule msanga."

"Bwana, khungu la chule..."

"A Jombo, paipi ija yadya ndalama zoti inu ndi ine sitingazitchule. Gasi sangadutse mayi ameneyu asanaone chule akusambira. Mukabwera opanda achule, musavutike n'kubweranso mawa lake."

Tsono ndikuuzeni chilungamo: a Jombo sanali munthu wolimba mtima. Anali munthu woti woperekera zakudya akawabweretsera chimene sanaitanitse, ankadya n'kuthokoza. M'mawa wa tsiku la alendo analowa m'bafa ndi ndowa zawo, akudziuza kuti mwina akavuula mwachangu ena apulumuka. Anagwada, napatula bango ndi dzanja. Pamenepo ndi pamene anaona timibulu tonyezimira, tolendewera kubango m'madzi, kalikonse kali ndi kadontho kakuda pakati.

Mazira! Achule aja anali ataikira mazira, m'bafa, pansi pa shawa yakutha, pafupi ndi nthochi zowola.

A Jombo anakhala pachivundikiro cha chimbudzi, ndowa ili pamiyendo. Anasangalala mpaka misozi kulengeza, kenako mantha anawagwira. Kuwatenga sakanatha. Kupita chimanjamanja ankaopa. Ndiye anachita chimene munthu wamantha amachita: anadzaza ndowa zija ndi madzi apampopi, navundikira bwinobwino, n'kunyamuka, akuyembekeza kuti nzeru iwapeza panjira.

Nzeru sinawapeze.

Padziwe panali pokongola. Mipando, tenti, riboni yobiriwira. A Chisoti anali atagawira aliyense chisoti, ngakhale ojambula. Mayi woyendera uja, wamfupi, wa magalasi, wosaseka, anaima kutsogolo atapinda manja. Abwana analankhula za chikondi chimene kampani ili nacho pa zolengedwa zonse, zazikulu ndi zazing'ono. Kenako, poona makamera, anaganiza zothira okha. Analanda ndowa m'manja mwa a Jombo, nagwada pa bondo limodzi, namwetulira, n'kupendeketsa.

Khwaa! Madzi okhaokha.

Anthu ena anayamba kuwomba m'manja, poganiza kuti achulewo ndi aang'ono kwambiri moti saoneka. Abwana anasuzumira m'ndowa, naigwedeza, natenga inzake. Khwaa! A Chisoti anayandikira chubu chawo, kuchitira mwina.

Mayi woyendera ananunkhiza mpweya, nayang'ana madzi oyerawo, kenako anayang'ana munthu yekhayo amene anali ndi matope kumapazi. "Bambo, achule ali kuti?"

A Jombo anacheuka. Anaona diso la abwana, naona ntchito yawo ikutuluka pageti. Mawu anatuluka okha, aang'ono. "Ali kunyumba, mayi. M'bafa. Aikira mazira."

"Tiyeni," anatero mayiyo.

Aneba sadzaiwala tsiku limenelo. Magalimoto oyera a kampani anadzaza kamsewu konse, ndipo anthu a zisoti anandandalika m'kakhonde ka m'nyumba ngati odwala pachipatala, kulowa m'bafa mmodzimmodzi. Apongozi anaima pakhomo la khitchini, chitsulo chotsukira mapoto chili m'manja, akuyang'ana nsapato iliyonse imene inkaponda pansi pamene anali atangokolopa. Mayi woyendera anagwada pambali pa bafa, nasuzumira mazira aja. Atadzuka, mawondo a siketi ali matope, ananena mawu ochepa: achulewa kulibenso kwina, choncho asakhudzidwe, dziwe lija liphwanyidwe likonzedwe monga linajambulidwira, ndipo gasi sadutsa mpaka iwo adzaone ana a achulewa akusambira mmenemo.

A Chisoti anali atatulutsa kale tepi, akuyeza chitseko cha bafa. "Pakufunika chikwangwani apa. Ndi chubu chaching'ono."

"Takhomani msomali pakhoma limenelo muone," anatero apongozi. Tepi inabwerera yokha m'thumba.

Abwana potuluka anaima pafupi ndi a Jombo, nanena chapansipansi kuti, "Tikaonana ku ofesi." Sananene kuti liti, ndipo a Jombo sanafunse.

Magalimoto atapita, nyumba inangoti zii. Kunja kunali kutachita mdima wa mitambo. A Jombo anakhala pansi m'bafa muja, msana atatsamira khoma. Ankaganiza za dambo lija, mmene linkamvekera mvula ikagwa, phokoso loti munthu sungamve mnzako. Tsopano zonsezo zinali apa, m'chinthu choti mwana akhoza kuchikhuthula pongozula kachotsekera.

Anamva masilipasi pakhomo. Apongozi sanalowe, anangosuzumira, mphuno atakwinya.

"Bambo, mayi uja amati chiyani? Kuti kulibenso ena?"

"Kulibe, amayi."

"Kwina konse? Ngakhale kumayiko akutali?"

"Ndi omwewa basi."

Apongozi anayang'ana bafa lija kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Silinali lalitali kwenikweni. Chule mmodzi anali atakhala pabango, kukhosi kukugunda.

"Nanga madziwa bwanji akuchepa? Simuthiramo ena?"

"A m'dambo aja atha, amayi, chigubu chomaliza ndinathira dzana. Apampopi ali ndi mankhwala. Akufunika a mvula."

Apongozi anatembenuka. Anabwerera kukhitchini, ndipo a Jombo anamva kabati ikutsegulidwa, ziwiya zikugundana. Madontho oyamba atayamba kugwa padenga, achule anayamba nyimbo yawo ija. A Jombo anadzuka n'kusuzumira pawindo. Apongozi anali pabwalo, mvula ikuwanyowetsa, akundandalika mapoto onse a m'nyumbamo, ndi ketulo yomwe, ndi mbale zija zimene ankaletsa aliyense kudyeramo.

"Mwaima pamenepo ngati alendo bwanji?" anakuwa. "Bweretsani ndowa zanuzo, ikutha iyi!"